Sabata ya kuphiri: geji, mchere ndi mkangano wa bulugama

Anthu akamva kuti ndimapanga kafukufuku wa madzi amaganiza kuti ndine wa Water Board, ena mpaka kundiimbira foni kuti kwathu kuno mpopi wauma ngati ndimatseka ndine. Ayi abale, zanga ine ndi timitsinje ta m'nkhalango, tija timayambira pamwamba pa phiri la Zomba n'kumatsetserekera mu Mulunguzi ndi Likangala mpaka kukathera ku nyanja ya Chilwa. Ndimayeza kuti madzi akudutsa ochuluka bwanji, anyamula dothi lochuluka bwanji, komanso mitengo ya m'mbalimo ikuchita nawo chani madziwo. Sabata yathayi inali yothina chifukwa kwa ife a zamadzi chaka chimatha pa 31 Okutobala, china chimayamba pa 1 Novembala limodzi ndi dzinja, ndiye mabuku onse amayenera kutsekedwa mvula isanagwe zenizeni.

Lolemba palibe chokamba, tsiku lonse linathera pa mapepala opempha mafuta a galimoto ndi kutchaja mabatire.

Lachiwiri m'mamawa tinakwera, ine ndi mnyamata wina wa ku Chanco amene ali nafe pa atachimenti. Pa kamtsinje kathu kamodzi tinamanga kakhoma kotchinga madzi, pakati pake pali chitsulo chodulidwa ngati chilembo cha V, madzi onse amadutsira pamenepo. Pambali pali geji, thabwa lolembedwa masentimita. Anthu amaona ngati zamasewera koma masamu ake ndi olusa. Pa V ya madigiri 90, madzi akakwera masentimita 10 ndiye kuti pakudutsa malita 4 ndi theka pa sekondi, akafika 20 si malita 9 ayi, ndi 25. Ndiye kuphonya sentimita imodzi yokha pamene madzi ali otsika chonchi, kuwerenga 11 m'malo mwa 10, wawonjezera kale kotala ya mtsinje umene kulibe. N'chifukwa chake ntchito yoyamba tikafika ndi kugwada n'kumachotsa masamba a paini ndi ndere zimene zakodwa pa V paja, kenako kudikira madzi akhazikike, kenako kuwerenga diso lili pa mulingo wa madziwo osati utaimirira.

Amene amatiwerengera geji tsiku ndi tsiku ndi bambo ena achikulire a m'munsi mwa phirimo. Kope lawo ndimalikhulupirira kuposa loga, kachipangizo kathu kamene kamakhala m'paipi n'kumalemba kuya kwa madzi mphindi 15 zilizonse. Loga batire ikatha imangokhala chete, anyani akakoka waya imalemba zamisala, pamene bambowa amalemba ndi zimene makina sangaone: "lero madzi ofiira, kumtunda akukoka matabwa", "ana anatseka ndi miyala posambira". Atandipatsa kope anati, "Madamu, chaka chino kamtsinjeka kafooka msanga, chiperoni sichinagwe bwino." Mnyamata uja ankafuna kuseka koma ndinamuuza kuti alembe zimenezo, chifukwa nkhungu ya mu Juni ndi Julaye ikamakodwa m'masamba n'kumadontha, pa phiri lopitirira mamita 2,000 ngati ili si madzi ochepa ayi.

Lachitatu tinapita ku kamtsinje kena komwe kulibe khoma, miyala yokhayokha, koti makina opima liwiro la madzi sungawalowetse. Kumeneko timagwiritsa ntchito mchere, womwewu wa m'ndiwo. Umaupima pa sikelo, kuusungunula mu ndowa, mmodzi amakathira kumtunda wina ali kumunsi ndi mita yoyeza mchere m'madzi. Nambala imakwera mcherewo ukamadutsa kenako n'kutsika, ndipo mtsinje ukakhala waukulu mcherewo umasukuluka kwambiri, basi kuchokera pamenepo umawerengera malita. Koma musanayambe kuthira zinthu zoyera mu mtsinje umene anthu amamwa, pitani kaye kwa amfumu, chonde. Amene akukumbukira mphekesera za anamapopa mu 2017 akudziwa mmene mlendo wonyamula mabotolo ndi mawaya angaonekere. Ife timanyambita kaye mcherewo pamaso pa amayi amene akuchapa kuti aone.

Tili mkati cha m'ma 2 koloko kunachita mdima, kenako chizimalupsa chinatsika. Sinali mvula yaitali koma kumtunda kwa kamtsinjeko kunapsa mwezi watha, moto wa osaka mbewa kaya wa ndani, ndiye posakhalitsa madzi amene anali oyera mbee anasanduka akuda bii, phulusa, timakala, tizitsotso, fungo la utsi likumveka m'madzi momwe. Ntchito ya mchere inathera pompo, tinayamba kutunga masampulo botolo ndi botolo tikulemba nthawi, titanyowa mpaka mkati. Kwa ine limenelo ndiye linali tsiku la phindu, chifukwa dothi lambiri la chaka chonse limachoka pa mvula zochepa ngati zimenezi, ukaphonya ndiye waphonya. Pobwerera tinadutsa pa kamtsinje ka V kaja, komwe nkhalango sinapse: geji inangokwera pang'ono, madzi oti ukhoza kuona mchenga pansi. Mvula imodzi, phiri limodzi.

Lachinayi labu. Kusefa masampulo, kuumitsa tomwe tatsalira pa pepala losefera mu uvuni pa madigiri 105, kupima, kulemba. Ntchito yogonetsa tulo. Chimene chinandidzutsa ndi girafu ya loga ya kasupe wina wa m'munsi amene wazunguliridwa ndi bulugama. Mwezi wonse wopanda mvula mzere wake ukuoneka ngati mano a sowo, masana madzi akutsika, usiku akukwera, tsiku ndi tsiku osaphonya. Palibe akupatutsa madzi pamenepo, ndi mitengo ikumwa dzuwa likatentha, usiku n'kupumula.

Ndiye apa ndi pamene ntchito yathuyi imatidanitsa ndi anthu. Tonse tinakula tikuimba kuti mitengo imabweretsa madzi, ndipo ukanena kuti mitengo inanso imamwa madzi ambiri anthu amakuyang'ana ngati watumidwa ndi ootcha makala. Koma nkhaniyi inayezedwa kalekale. Ku Jonkershoek pafupi ndi Stellenbosch ku South Africa anayamba mu 1935 motsogozedwa ndi C.L. Wicht, alimi atadandaula kuti paini akuumitsa mitsinje, ndipo patapita zaka zambiri zinapezeka kuti alimiwo sankanama. Lero lamulo lawo la madzi la 1998 limawerengera minda ya mitengo ya malonda ngati ntchito yochepetsa madzi m'mitsinje, umafunika chilolezo. Ku Hubbard Brook ku New Hampshire, gulu la Gene Likens ndi Herbert Bormann linagwetsa mitengo yonse ya m'chigwa chimodzi mu 1965 ndi 1966, n'kupopera mankhwala kuti pasamere kanthu kwa zaka zitatu. Madzi mu mtsinje anachuluka ndi pafupifupi 30 peresenti, koma chonde cha m'nthaka chinakokololokera momwemo mpaka madziwo kufika posayenera kumwa. Ndiye wodula asasangalale. Kwathu kuno tikadula sitisiya nthaka ili phee ngati ku kafukufuku, timatentha, timalima, ng'ombe ndi mathirakitala zimapondaponda, nthaka imalimba, mvula ikagwa siilowa pansi imangothamanga tsiku lomwelo ndi matope, pofika Okutobala kasupe alibe chosunga. Mamilimita 10 okha a mvula pa hekitala imodzi ndi malita 100,000, funso ndi lakuti alowa pansi kapena athawa. Amene anaona Freddy mu Malichi 2023 safunika kuwafotokozera zambiri. Ndipo Chilwa ilibe mtsinje wotulukira, imangodalira zimene Likangala, Domasi, Phalombe ndi inzake yabweretsa, inaumapo mu 1968 ndi 1995.

Lachisanu ndinatenga girafu ija kupita nayo ku msonkhano wa komiti ya zachilengedwe ya m'mudzi womwe uli ndi kasupeyo. Anatiitana okha chifukwa amayi akudzuka 3 koloko kukadikira madzi. Tinakhala pansi pa mtengo wa mango, ine ndinapachika pepala langa n'kufotokoza za mano a sowo aja. Mayi wina sanadikire ndimalize. "Zimenezo ife timazidziwa achemwali, n'chifukwa chake timapita usiku. Tiuzeni chochita." Ndinanena maganizo anga mosazungulira: bulugama amene ali pa diso penipeni pa kasupe achoke, pang'onopang'ono osati tsiku limodzi, zitsa zisamaphukirenso, pamalopo pasiyidwe udzu ndi tchire zimere zokha, moto usafikepo, ndipo amene ali kumtunda kutali asakhudzidwe chifukwa akugwira nthaka. Wina anafunsa za katope ndi mkuyu, ndinati ndi yabwino kugwira gombe ndi kupereka mthunzi koma nayonso imamwa, musadzaze pa diso pomwe.

A gulupu anamvetsera mpaka kumapeto kenako anafunsa funso limene ndimaliopa: "Mayi, tikadula madzi abwera liti, ndipo ochuluka bwanji?" Ndinawayankha kuti, wawa, girafu ikuonetsa kuti abwererako ndithu koma nambala ndidzakupatsani tikayeza chilimwe chamawa, loga ikhala pomwepo. Sanakondwe nalo yankholo, ndinaona nkhope. Mabungwe ena akabwera amalonjeza ziwerengero tsiku lomwelo.

Kenako nkhani inatembenuka. Bulugamayo anadzala ndi malemu ena, ana awo amadulamo milimo n'kumagulitsa, ndiye mmodzi anaimirira kufunsa kuti amulipira ndani. Apo za ma lita pa sekondi zinatha ntchito, anayamba kukumbutsana za malire ndi za maliro a chaka chatha. Ine ndinapinda pepala langa. A gulupu anati banjalo likakambirane kaye ndi eni mbumba, tidzakumanenso pakatha milungu iwiri, ndipo ndidzabwere ndi a zankhalango.

Loweruka ndinalowabe mu ofesi kukopera kope la bambo aja mu kompyuta, masamba a Seputembala ananyowa ndiye ma 1 ndi ma 7 akufanana, ndiyenera kukawafunsa Lachiwiri.