Kalaliki wa Data pa Chitakale

Ine ntchito yanga ndi ya pa sikelo. Kwa zaka 14 ndakhala kalaliki ku esiteti ina ya tiyi kuno ku Mulanje. Wothyola tiyi akabwera ndi dengu lake ndimakoloweka, kuwerenga makilo, kulemba m'buku. Choncho chinthu chopanda muyezo sindichikhulupirira. Magetsi ali ndi mita, mayunitsi umawaona akutsika. Ngakhale mayi wogulitsa ufa pamsika wa Chitakale ali ndi mbale yake yoyezera, kaya anaitswanya kunsi, koma ilipo.

Tsono ndinagula kabokosi ka intaneti ku Limbe, aja amati rauta, kuti mwana wathu wa Fomu 4 azipezako zowerenga za MSCE. Ndinalipira bandulo ya 30 GB ya mwezi wathunthu. Pa tsiku la 24 kunangobwera uthenga wakuti bandulo yatha. Ndani wadya, wadya liti, wadyera chiyani, zii.

Ndinaimbira kampaniyo. Mtsikana wa mawu okoma anandiuza kuti ndondomeko yotero satumiza, iwo amangodziwitsa ikatha. Ndinati, "Chemwali, ine nditamuuza wothyola tiyi kuti ndalandira masamba ake koma makilo sindimuuza, angandiveke dengulo kumutu." Anandithokoza chifukwa choimba.

Apa muyenera kudziwa kuti ine ndine mkamwini. Kwathu ndi ku Ntcheu, pano ndi pakwawo kwa mayi a kunyumba. Nyumba ya apongozi ili apo, ya alamu ili apo, ndipo Wi-Fi sadziwa malire a bwalo. Kufunsa poyera kuti wakuba ndani pamudzi wa eni n'kudziputira. Ndinaganiza zogwira ntchito mwaukatswiri.

Ndinagula kope lachikuto cholimba n'kujambula mizere: dzina, nthawi yolowa, nthawi yotuluka, cholinga. Ndinasintha pasiwedi. Aliyense wofuna intaneti ankabweretsa foni, ine n'kutembenukira kukhoma, kulowetsa ndekha. Usiku kabokosi kankagona m'sutikesi kunsi kwa bedi. Mayi a kunyumba pa cholinga ankalemba "banki m'khonde" tsiku lililonse, ngakhale ndikumva ndi makutu anga nyimbo za kwaya zikutuluka m'foni. Alamu ankalemba "nkhani", pamene nkhani zake zinali zigoli za Arsenal.

Koma kope limalemba nthawi, sililemba makilo. Sikelo inkasowabe. Mnzanga wina wa kufakitale anandiikira kapulogalamu m'foni n'kunena kuti, "Aka kamayeza intaneti." Sindinafunse zambiri. Ukadina, kasingano kamazungulira ngati geji ya mafuta pa njinga yamoto, kenako kamaima pa nambala. Tsiku loyamba kanaima pa 27. Ndinawerengetsa: tinagula 30, tadya 3, zatsala 27. Mtima unakhala pansi. Sikelo ndaipeza.

Abale anga, zimene ndinaona m'masiku otsatira! M'mawa 5 koloko singano inkafika 28. Madzulo 7 koloko, anthu onse ali pakhomo, inkagwa mpaka 6. Ndinkalemba ndi inki yofiira kuti 22 GB yabedwa. M'mawa mwake yabwereranso pa 26, ine n'kumati wakubayo wachita mantha ndi kope langa, wabweza usiku. Tsiku lina kukuchita chiperoni, phiri lonse litabisala m'nkhungu, inafika pa 3, ndipo ndinatuluka ndi tochi kukasuzumira kuseri kwa mpanda. Ndinapezako anyamata awiri atabisala mvula pansi pa mtengo wa mapeyala. Ndinawalanda mafoni kuti ndione. Onse anali a mabatani.

Ndinayamba kuyeza pafupipafupi kuti ndimugwire ali m'kati mwakuba. Ndikadzuka, ndisanasambe, ndikaweruka, wina akangolowa m'nyumba, wina akangoseka yekha ali pa foni. Pa tsiku ndinkayeza ka 15, Lamulungu kuposa apo.

Bandulo ya mwezi umenewo inatha pa tsiku la 18.

Ulemu wa chikamwini unandithera. Ndinaitanitsa bwalo pakhonde Loweruka masana. Apongozi aakazi anakhala pa mphasa chapatali, atatembenukira kumbali monga mwa mwambo, koma khutu lili kuno. Ndinatsegula kope n'kuyamba kuwerenga milandu, tsiku ndi tsiku. Ndinafika mpaka ponena kuti khoswe akakhala pamkhate sapheka, maso anga ali pa alamu.

Tsoka ilo, mchimwene wawo wamng'ono wa mayi a kunyumba, amene amaphunzira ku yunivesite ya MUST ku Thyolo, anali atabwera kutchuthi. Anamvetsera mwaulemu, kenako anati, "Alamu, tandibwerekani foni yanuyo."

Anayang'ana sikelo yanga, n'kuluma mlomo. "Alamu, apa palembedwa Mbps. Ili ndi liwiro, si data yotsala. Madzulo limatsika chifukwa Chitakale yonse imakhala ikukanganirana nsanja imodzi. M'mawa anthu ali mtulo, limakwera."

Ndinati chabwino, koma wakuba alipobe, poti bandulo yatha msanga.

"Alipo ndithu," anatero. Anafotokoza kuti kapulogalamuko kuti kadziwe liwiro kamakoka data yeniyeni ndi mphamvu zonse kwa masekondi angapo, kenako n'kutumizanso ina. Zili ngati kutsegula mpopi mpaka kumapeto kuti uone mphamvu ya madzi, mita ikuzungulira. Analowa mu Settings ya foni yanga, pamene pamaonetsa data imene pulogalamu iliyonse yadya pa Wi-Fi, n'kuwerenga mokweza kuti onse amve. Sikelo yanga inali pamwamba pa mndandanda, pafupifupi 11 GB.

Pakhonde panangoti zii. Nkhuku yokha ndi imene inayankhula.

Mnyamatayo sanalekere pomwepo. Anatembenuza kabokosi, kunsi kwake kunali kapepala kolembedwa manambala oyamba ndi 192.168. Anawalemba m'foni, ndipo panatseguka tsamba la kabokosiko loonetsa data yolowa ndi yotuluka, mafoni onse olumikizidwa, ngakhale malo oikapo tsiku loyambira mwezi kuti kaziwerenga kokha. Mita inali m'nyumba mwanga momwemo, ndipo ndinkaigoneka m'sutikesi usiku uliwonse. Za mwezi woyamba uja anati foni ikaona Wi-Fi imayesa kuti ndi zaulere, imayamba kukonzanso mapulogalamu ake ndi kutsitsa mavidiyo onse a m'magulu a WhatsApp. Anazitseka m'mafoni onse, n'kuuza foni iliyonse kuti Wi-Fi uyu ndi wa muyezo. Foni ya magulu ambiri inapezeka kuti ndi yanganso.

Apongozi anatsokomola, osatembenuka, n'kufunsa mwana wawo motsitsa mawu koma momveka mpaka kumsewu: "Kodi bambowa ku esiteti kuja amayezanso chonchi?"

Mayi a kunyumba anatenga kope m'manja mwanga. Anang'amba masamba a inki yofiira n'kupatsa mwana kuti akakolezere mbaula, kenako anajambula mizere yatsopano. "Bambo, bweretsani foniyo," anatero. Anatembenukira kukhoma n'kulowetsa pasiwedi yatsopano. Atatha anandipatsa cholembera n'kuloza pamene palembedwa cholinga.