Mmene ndinaphunzirira kuwotcherera ndi solda pakhonde pathu ku Matawale

Kwa anzanga amene mukufuna kuyamba zowotcherera mawaya ndi tizipangizo ta pa bolodi, ndikufotokozereni mmene ndinadutsira ine, chifukwa ntchitoyi siyovuta mmene imaonekera, bola ungomvetsa kaye kuti chomwe ukutenthetsa ndi chani. Ine si tekinishani ayi, ndimangokonda ma LED, timagetsi ting'onoting'ono tija, ndi mawayilesi akale, ndipo zonse ndimapangira pa katebulo ka pakhonde.

Ayironi yowotcherera ndinagula mu shopu ya zamagetsi kufupi ndi msika wa Zomba, ya 40W. Ya 30W nayo ili bho. Zikuluzikulu zija za 80W kapena 100W zisiyeni kaye, zimatentha mopyola mpaka timizere ta mkuwa ta pa bolodi timamatuka. Zambiri zimabwera ndi pulagi ya mano awiri pomwe masoketi athu kuno ndi a mano atatu, nde chonde gulani adaputa kapena sinthani pulagiyo, zomatokosa soketi ndi chivindikiro cha bolopeni zija pa 230V si zabwino olo pang'ono.

Kenako solda, waya wofewa uja umene umasungunuka ndikulumikiza zitsulo. Yang'anani wolembedwa 60/40 kapena Sn60 Pb40, kutanthauza magawo 60 a tin ndi 40 a mtovu, woonda wa 0.8mm kapena 1mm, wokhala ndi flux, mankhwala otsuka mkuwa, mkati mwake. Ameneyu amasungunuka cha m'ma 190 digiri ndipo amayenda bwino. Wopanda mtovu uja amafuna kuyambira 217 kupita m'mwamba, kwa munthu woyamba ndi ayironi yopanda posinthira kutentha amavutitsa. Flux ya anthu okonza mapaipi musayandikire nayo pa bolodi, ili ndi asidi, imadya mkuwa pang'onopang'ono. Zina zonse ndi zapafupi, kasiponji konyowetsa, chowengera zala chodulira miyendo ya zipangizo, kapampu koyamwira solda, multimeter yoyezera magetsi olo yotchipa, ndi pogoneka ayironi pomwe ine ndinangopinda waya wa hang'ala ndikukhomera pa thabwa basi.

Poyeserera sindinayambe ndi zipangizo zatsopano. Ndinapita kwa bambo ena okonza mawayilesi kumsika kuja kukapempha bolodi lakufa, anandipatsa la wayilesi yakale, ndipo nditawauza chomwe ndikufuna anandikhazika pa benchi kuti ndione kaye dzanja lawo. Mawu awo anali ochepa. "Mphwanga, ayironiyi ntchito yake ndi kutenthetsa mwendo ndi mkuwawo, solda asungunuke yekha akafika pamenepo." Ndinati zikomo bambo, koma kumvetsa kwenikweni kunadza nditakhala pa tebulo ndekha.

Nkhani yake ili chonchi. Solda amathamangira pa chitsulo chotentha ndi choyera, pozizira kapena pa dzimbiri sagwira, amangodziunjika kambulunga. Flux ili mkati ija ndi imene imatsuka kadzimbiri kosaoneka ndi maso kali pa mkuwa, koma imagwira ntchito kamphindi kochepa kwambiri, kautsi kamene mumaona kaja ndi flux ikupita. Nde ukasungunulira solda pa nsonga ya ayironi ndikumunyamula kupita naye pa bolodi, pofika uko flux yatha kale, mkuwa ndi wozizira, solda amangokhala pamwamba osalowerera. Pafupifupi munthu aliyense woyamba dzanja limafuna kuchita zimenezi chifukwa zimaoneka ngati ndi zomveka, koma ndi pomwe pamachokera zovuta zambiri.

Ayironi ikatentha, choyamba ndi kuipaka solda kunsonga mpaka iwale ngati siliva, kupukuta pa siponji, kupakanso pang'ono. Nsonga yakuda sipereka moto olo ayironi itatentha bwanji, ungakanikize mpaka dzanja kuwawa palibe chimachitika. Ndipo musamaipale ndi fayilo kapena sandipepa, nsonga zambiri ndi mkuwa wokutidwa ndi kachitsulo kopyapyala, mukachotsa kameneko solda amayamba kuidya imakumbika.

Ndinayamba ndi kuchotsa zipangizo pa bolodi lakufa lija, kutenthetsa, kuyamwa ndi pampu, kusolola mwendo. Zimaphunzitsa dzanja kudziwa nthawi yomwe solda wasungunukadi mpaka mkati. Solda wakale akamakana kusungunuka, muonjezereni watsopano pang'ono, zimamveka zachilendo koma flux yatsopanoyo imamufewetsa pompo. Nditatopa nazo ndinapita pa mawaya, kusenda, kupota timawaya tamkati, kupaka solda waya uliwonse paokha kaye, kenako kuwagundanitsa ndikungogusa ndi ayironi, amagwirana okha. Ngati muli ndi heat shrink (kapaipi kophimbira waya kamene kamafinyika kakatenthedwa) ilowetseni musanalumikize, mukalumikiza ilibenso polowera.

Tsopano pa bolodi penipeni. Ndinagula veroboard, lija la timabowo ndi mizere ya mkuwa, ndinalikwecha pang'ono ndi steel wool wa mapoto mpaka mkuwa kuwala, ndikupukuta bwinobwino chifukwa tizidutswa take tikatsala timapanga shoti. Mwendo wa chipangizo umalowa kuchokera mbali yopanda mkuwa, kuupinda pang'ono kuseri kuti chisagwe potembenuza. Kenako nsonga ya ayironi iguse zonse ziwiri nthawi imodzi, mwendo ndi mkuwa, gwiritsani ntchito m'mbali mwa nsonga osati kunsonga kwenikweni kosongokako chifukwa m'mbali ndi momwe moto umadutsa wambiri. Werengani wani, thuu, kenako bweretsani solda mbali inayo ya mwendo, osati pa ayironi. Akangoyenda kuzungulira mwendo chotsani solda kaye, ayironi pambuyo, ndipo osagwedeza, osauzira, azizire yekha. Zonsezi ndi masekondi atatu kapena anayi basi. Zikakanika musakakamire pomwepo mpaka bolodi kununkha, chotsani, pukutani nsonga, padikire pazizire, muyambirenso.

Powotcherera bwino pamaoneka ngati kachulu kakang'ono, kotambalala pansi ndikukwera mosalala kutsata mwendo, kowala. Pakakhala kambulunga kotuwa kokhakhala ndiye kuti sipanagwire, ndipo kuipa kwake lero chinthu chiyaka mawa chizima, mawayilesi aja amalankhula pokhapokha uwamenye khofi nthawi zambiri vuto limakhala limeneli. Mankhwala ake ndi kutenthetsanso ndi kasolda katsopano pang'ono. Vuto lina ndi solda kuchuluka mpaka kuwoloka kukagwira mzere woyandikana nawo, pa veroboard mizere ili pafupi kwambiri, 2.54mm kuchoka pa bowo kufika pa linzake, nde ine ndikamaliza ndimaunika ndi tochi ya foni kenako multimeter pa mbali yolira ija, ikalira pakati pa mizere yosayenera kukhudzana ndadziwa pali ntchito ya pampu.

Kuno ku Zomba kuli kanthu kena, mu June ndi July mphepo yotsika kuphiri imaziziritsa nsonga ya ayironi yaing'ono ukakhala panja, solda kumachedwa kusungunuka iwe nkumaganiza kuti ayironi yafa. Ndimatchinga ndi katoni mbali yochokera mphepo, koma sindilowa m'chipinda chotseka chifukwa utsi wa flux umakanda pakhosi ndipo siwabwino ku chifuwa, makamaka amene muli ndi asima. Magetsi akazima muli pakati pa ntchito zulani ayironi pa soketi nthawi yomweyo, angabwere inu mutachokapo ayironi ili pa tebulo ana akusewera pompo.

Izi ndikunena ndi mtima wonse, solda wa 60/40 ali ndi mtovu ndipo ife nsima timadya ndi manja. Sambani ndi sopo mukamaliza, musamulume ndi mano pomudula, ndipo tizidutswa take tisesedwe ana asatole. Ayironi ikamagwa isiyeni igwe, nsonga yake imapitirira 300 digiri. Podula miyendo phimbani ndi chala, kachidutswa kamauluka kangalowe m'diso. Ma TV akale a chimbuyo aja ndi mabolodi a pawa musatsegule mukadali woyamba, ma capacitor ake amasunga magetsi olo mutazula pulagi. Mabatire a 18650 a mu power bank nawonso osawotcherera mwachindunji, kutentha kumawaononga ndipo amatha kuyaka, pali tizotengera take.

Chinthu changa choyamba chinali LED yofiira imodzi, resistor (kachipangizo kochepetsa moto wopita ku LED) ya 330 ohm, ya mizere olenji, olenji, bulawuni, ndi chingwe chakale cha USB chopereka 5V. Resistor ilibe mutu kapena mchira, iliyonse mbali ilowa. LED ndiye imasankha, mwendo wautali ndi wa pulasi, waufupi umene uli mbali yophwatalala ndi wa mayinasi, nde onetsetsani musanadule miyendo. Mu chingwe cha USB kawirikawiri wofiira ndi pulasi wakuda ndi mayinasi, koma yezani ndi multimeter chifukwa zingwe zina zotchipa mitundu imasokonekera. Nditalumikiza ku power bank inayaka, ndinagwedeza bolodi, kukoka mawaya pang'ono, osaphethira olo kamodzi, ndinasangalala zedi moti ndinaitana aliyense wa m'nyumba adzaone kagetsi kamodzi kameneko. Power bank zina zimazima zokha pakapita kanthawi chifukwa LED imodzi imakoka moto wochepa kwambiri, zikatero si inu mwalakwitsa, yesani pa chaja ya foni.

Pano ndikupanga ya ma LED ophethira ndi IC ya 555, kachipangizo kakuda ka miyendo 8 kamene kamayatsa ndi kuzimitsa ma LED. Bambo aja anandilangiza kuti ndiwotcherere soketi yake kaye, IC ndidzangoibaya pamwamba zonse zikazizira, kuti isapse ndi dzanja lochedwa. Ndipo musanazime ayironi tsiku lililonse isiyireni kasolda kunsonga osapukuta, kamaiteteza ku dzimbiri, mawa mukayatsa mungopukuta kamodzi ndikuyamba ntchito.