Mbiri ya moyo wanga, gawo 9: Ntchito ya mlembi wa pa nyuzipepala

M'gawo lapitali ndinalekezera pomwe ndinasiya kulemba mwaganyu n'kulembedwa ntchito yokhazikika. Za ine ziyambe zaima kaye. Lero ndifotokoze ntchito yeniyeniyo, poti ambiri amaiona ngati yongokhala pa mpando n'kumapeka ziganizo zokoma.

Wolemba mwaganyu amalipidwa pa nkhani iliyonse imene yatuluka, ndipo akhoza kukana imene sakuifuna. Mlembi wa pakampani amalandira malipiro a pamwezi, koma mwini wa zimene walemba nthawi zambiri amakhala kampaniyo, ndipo nkhani imene mkonzi wamupatsa saikana.

Tsiku limayamba ndi msonkhano wa akonzi ndi alembi. Mumapitako muli ndi nkhani ziwiri kapena zitatu m'mutu, iliyonse yoti n'kuifotokoza m'chiganizo chimodzi. Mkonzi akavomera amakuuzani zinthu ziwiri: kuchuluka kwa mawu ndi nthawi yoperekera. Akati mawu 600 pofika 3 koloko, musabwere ndi 900, chifukwa danga pa tsamba anayeza kale, ndipo woyala masamba ndi osindikiza akudikira inuyo. N'chifukwa chake nkhani imalembedwa kuyambira pa chofunika kwambiri. Ndime yoyamba inene chimene chachitika, kwa ndani, kuti, ndiponso liti. Chifukwa chake ndi mmene zachitikira zitsatire. Malo akachepa, mkonzi amadula kuchokera pansi, ndiye mfundo imene munaisungira kumapeto ndi imene imatayidwa.

Koma nthawi yambiri simakhala mukulemba ayi. Mumakhala mukuimba mafoni ndi kutsimikiza. Nkhani yoneneza munthu isadalire pakamwa pa munthu mmodzi: pezani wachiwiri amene sanaimve kwa woyambayo, kapena chikalata, kenako mufunse wonenezedwayo mbali yake nkhani isanatuluke. Mukadumpha pamenepa, mlandu woipitsa mbiri ya munthu umagwera inu ndi kampani yomwe. Pofunsa mafunso jambulani mawu, komanso muzilemba m'kope, chifukwa batire limatha osalaira. Dzina la munthu mum'pemphe alitchule chilembo ndi chilembo, ngakhale likumveka lapafupi. Wina akafuna kuti musamutchule, mugwirizane asanayambe kulankhula, osati atatha.

Manambala ndiwo amagwetsa alembi ambiri. Chinthu chikakwera kuchoka pa 10 peresenti kufika pa 15 peresenti, chakwera ndi mapointi 5, koma poyerekeza ndi pomwe chinali chakwera ndi 50 peresenti. Kulemba kuti chakwera ndi 5 peresenti n'kulakwitsa, ndipo mawa lake mudzalemba mawu okonza cholakwikacho. Mutu wa nkhani nthawi zambiri amaika ndi mkonzi, komabe ukasemphana ndi nkhaniyo, amene owerenga amamuloza chala ndi mwini dzina lili pamwambapo.

Nanga zoyenereza? Zotsatsa ntchito zambiri zimafuna digiri kapena dipuloma ya utolankhani kapena ya zilankhulo. Amene anaphunzira zachuma, zamalamulo kapena zaumoyo amalembedwanso, ndipo kwa ine otere amachita bwino msanga pa nkhani za gawo lawo, chifukwa sanamizika wamba. Masiku ano amafunanso wodziwa kuika yekha nkhani pa intaneti ndi pulogalamu ngati WordPress, kusankha chithunzi ndi kulemba mawu a pansi pake.

Mapepala amangokufikitsani pakhomo. Chimene amayang'anitsitsa ndi nkhani zanu zimene zinatuluka kale. Tumizani zitatu kapena zisanu zosiyana mitundu, osati mulu wonse. Kenako pamabwera mayeso olemba: amakupatsani mfundo zosakanizika kuti mupange nkhani mu ola limodzi kapena kucheperapo, ndipo ena amabisamo dala dzina lolembedwa m'njira ziwiri kapena manambala osagwirizana, kuti aone ngati mufunse. Chiganizo chimodzi chokopera kwa wina osamutchula chimakwanira kukuchotsani pa mndandanda.

Mmene mayeso anga anayendera, tikambirana m'gawo 10.