Mbiri ya moyo wanga, gawo 9: Usiku umene Mphepo anagwa m'khola

Mwandivutitsa mokwanira, ndiye gawo 9 ndi ili. Zikomo amayi a ku Area 25 amene munalemba kuti munapitirira siteji muli mu minibasi chifukwa chowerenga gawo 8. Koma inu achimwene amene munati kuweta hatchi ku Malawi kuno n'kudzionetsera, ine ndalama zake sindinabwereke kwa inu.

Tinalekezera poti abwana anga aja akubwerera kwawo, ndipo andigulitsa hatchi yawo, Mphepo, motchipa. Musaiwale kuti ine ndinali dalaivala. Hatchiyo ndinkangoionera pawindo la galimoto, za m'khola sindinkazidziwa.

Ndiye ndinathamangira zooneka ndi maso. Chishalo ndinachipaka mafuta mpaka kuwala. Ndinasonkhanitsa zingwe, chitsulo cha m'kamwa, burashi, kachitsulo kochotsera miyala ndi matope m'ziboda, mpaka helemeti yomwe ndinagula kwa mnyamata wa kabaza. Khola kumunda kwathu kuja, kupitirira Chitedze, malume anali atalizunguliza kale ndi waya waminga ngati la ng'ombe. Adokotala a ziweto atabwera anangopukusa mutu. Hatchi ikadzidzimuka imathamanga osayang'ana, ndipo khungu lake silichedwa kung'ambika. Tinazula waya yense n'kuikapo mitengo ya bulugama.

Chimene sindinaganizire n'chakudya. Mphepo anafika mu Okutobala, udzu wonse anyamata osaka mbewa atautentha. Hatchi ya makilogalamu 400 imafuna udzu wouma pafupifupi makilogalamu 8 tsiku lililonse, ndipo madzi kukatentha imamwa zigubu ziwiri za malita 20 n'kumayang'anabe. Ine mosungira udzu ndinalibe, ngakhale mtolo umodzi. Mjigo uli kutali, mayi a kunyumba anayamba kundiyang'ana ndi diso lija mukulidziwa.

Tsiku lachisanu ndi chimodzi ndinapita m'tauni kukasaka udzu. Alamu anga anaona kuti nyamayo ili ndi njala, n'kuithirira ndowa yodzaza ndi madeya. Eti hatchi ndi bulu wachizungu basi.

Cha m'ma 9 koloko usiku ndinamva kugunda. Nditafika ndi tochi, Mphepo akupalasa pansi ndi mwendo wakutsogolo, thukuta lili noninoni khosi lonse. Amatembenuza mutu kuyang'ana mimba yake, kenako n'kuyang'ana ine. Kenako miyendo inapinda, anagwa, n'kuyamba kugubuduzika m'fumbi. Ndinaimbira adokotala manja akunjenjemera. Anandiuza kuti hatchi sisanza, chimene chalowa chiyenera kutulukira kumbuyo, ndipo madeya ochuluka mwadzidzidzi amasasa m'mimba n'kudzaza mpweya. “Chotsani chakudya chonse, mudzutseni, muziyenda naye pang'onopang'ono. Musamumwetse kalikonse mokakamiza. Ndikubwera.”

Tinayenda. Kuchokera pa mtengo wa mango kukafika pa chulu, kubwerera, kupitanso. Mayi a kunyumba patsogolo ndi tochi, chitenje atafunda kumutu, osayankhula. Mayi omwewo, amene ankadana ndi hatchiyo kuyambira tsiku loyamba, ndinawamva akunong'oneza kuti, “Limba mwanawe, limba.” Nthawi ina Mphepo anatsamiritsa mutu wake paphewa langa, wolemera ngati thumba la chimanga, ndipo ine bambo wa ana atatu ndinalira osabisa. Ndinkaganiza za abwana aja, mmene anamusisitira pamphuno potsanzikana, n'kundiuza kuti akudziwa kuti ndimusamala.

Adokotala anafika itadutsa 1 koloko. Anamubaya jakisoni, n'kulowetsa paipi m'mphuno mpaka m'mimba. Tambala woyamba atalira, Mphepo anakweza mchira, ndowe zinagwa. Sindinasangalalepo ndi ndowe chomwecho moyo wanga wonse. Mayi a kunyumba analuluta.

Tikumwa tiyi m'mawa, adokotala anafunsa za katemera. Ine duu. Anandifotokozera za African horse sickness, matenda ofalitsidwa ndi tizilombo touluka tating'onoting'ono toluma madzulo ndi m'bandakucha, makamaka nthawi ya mvula, omwe amapha mahatchi ambiri amene awagwira. Katemera wake amachokera ku Onderstepoort ku South Africa, amabaya kawiri motalikirana masabata atatu, mvula isanayambe. Wa kafumbata nayenso, mankhwala a njoka za m'mimba, kudula ziboda pakatha masabata 6 kapena 8. Dzuwa likamalowa azikhala ali m'nyumba yake. Anatinso hatchi siikhala yokha, ndiye ndinagula bulu kwa munthu wa ngolo ku Mitundu.

Zaka zitatu zadutsa, udzu ndimamweta mu Epulo n'kuunjika pa thandala. Chishalo chija ndinadzachiika pamsana pake patatha miyezi iwiri.

Alamu, ndikudziwa mumawerenga ngakhale simulemba kanthu. Mpaka lero mumauza anthu kumowa kuti hatchi ija anailodza. Ndowa ija ilipo, ndinaisunga.

Gawo 10 ndidzakuuzani mmene bulu uja anathawira ndi Mphepo mpaka pa msewu wa ku Mchinji.