Dola ndi yuan zikamakangana, amalipira ndani?

Pa 5 Ogasiti 2019 dola imodzi inadutsa ma yuan 7 koyamba pa zaka zoposa khumi, ndiye tsiku lomwelo nduna ya zachuma ya America, Steven Mnuchin, inalengeza kuti China ikugwetsa dala ndalama yake. Mu Januwale 2020, patatsala masiku awiri kuti mayiko awiriwa asainirane mgwirizano wa zamalonda, America inaufufuta mlandu uja. Ine ndimaona kuti zinali ndale basi, poti ngakhale a IMF mu 2019 anati yuan inali pamlingo wake.

Kupondereza yuan kwenikweni kunachitika kale. Mpaka Julaye 2005 China inamangirira ndalama yake pa ma yuan 8.28 pa dola, ndipo ngakhale itamasulako pang'ono banki yayikulu ya dzikolo inkangogulabe madola kuti yuan isakwere msanga, mpaka ndalama zakunja zomwe inasunga zinafika pafupifupi madola 4 thiriliyoni mu 2014. Katundu wa ku China ankatchipa kunja, mafakitale ena ku America nkumatseka, zimenezo zimakambidwa daily. Koma amene amandimvetsa chisoni ine ndi mtsikana uja wosoka nsapato mu fakitale ku Dongguan, mzinda wa ku China, kuwerama pa mashini tsiku lonse, malipiro akulandira mu ndalama yoti boma lake lomwe likuipanikiza, ndiye mafuta, mankhwala, chilichonse chochokera kunja amachigula modula kuposa mmene zikanakhalira. Nsapato yotchipa yomwe wina anagula ku Ohio ku America, mbali ina ya mtengowo analipira ndi iyeyo, koma akuluakulu akamakangana satchulidwa nkomwe.

Komanso mantha a China oti yuan ingakwere msanga ndimawamvetsa. Anaona zomwe zinachitikira Japan pambuyo pa mgwirizano wotsitsa mphamvu ya dola wa ku Plaza Hotel ku New York mu Sepitembala 1985, pomwe dola inatsika kuchoka pa ma yen pafupifupi 240 kufika cha m'ma 150 pa chaka chimodzi chokha, Japan nkutsitsa chiongola dzanja kuti mafakitale apume, mitengo ya malo ndi masheya nkukwera mopenga kenako nkugwa.

America nayonso manja ake si oyera ayi. Mu Novembala 2010 banki yake yayikulu inalengeza zogula ngongole za boma za madola 600 biliyoni, zomwe zimafooketsa dola, apo nkuti nduna ya zachuma ya Brazil, Guido Mantega, itadandaula kale mu Sepitembala kuti iyi ndi nkhondo ya ndalama, chifukwa real, ndalama ya Brazil, inkangokwera ndipo katundu wa mafakitale a ku Brazil amavuta kugulitsa kunja.