Mudzi umene unali pamwamba pa kachisi wa Apollo

Miyendo ikuwawa, tulo nato takana. Chandisowetsa mtendere ndi agogo ena amene ndinakhala nawo pamthunzi masanawa, kunsi kwa kachisi wa Apollo, mulungu wa Agiriki akale, kuno ku Delphi m'dziko la Greece. Malowa ali pamtsetse wa phiri la Parnassus, kukwera kokhakokha, ndiye atandiona ndili wefuwefu anandisendezera pokhala.

Tisanalonjerane n'komwe bwinobwino, iwo aloza pansi ndi ndodo yawo. "Mwakhalapa panali makomo a anthu. Makolo athu anabadwira pompano."

Ndinayesa nthabwala za achikulire. Ayi ndithu. Pamwamba pa mabwinja onsewa panali mudzi wotchedwa Kastri, ndipo nyumba zina anazimanga ndi miyala yomweyi ya makedzana. Akatswiri ofukula zakale a ku France, motsogozedwa ndi Théophile Homolle, anayamba kukumba mu 1892 n'kumaliza mu 1903. Boma la France linalipira chipukuta misozi, mudzi wonse n'kusamutsidwira chakumadzulo, komwe kuli katauni ndagonamo leroka. Dothi ankalitaya pa tingolo toyenda pa njanji.

"Nanga anangovomera, agogo?"

Anaseka mpaka kutsokomola. Akuti chivomezi cha 1870 chinali chitagwetsa kale nyumba zambiri, komabe anthu anavuta, moti ntchito inayamba asilikali akulondera. "Inu, munthu akuuzeni kuti pansi pa mphasa yanu pali mulungu wa ena, samukani. Mungasamuke?"

Ndisanayankhe, mnyamata wina amene tinakwera naye basi imodzi walumphira nkhani. Akuti akanapanda kusamuka, chiboliboli chamkuwa cha woyendetsa galeta chija bwenzi chikadali m'dothi. Agogo sanam'yankhe. Ine ndinapsa mtima, makamaka chifukwa sankanama. Chibolibolicho ndinachiona m'nyumba yosungira zakale. Anachifukula mu 1896, ndipo chatha zaka pafupifupi 2,500, koma maso ake akadalimo, nsidze zake zamkuwa zilipo, ngakhale misempha ya kuphazi ikuoneka. Ndinaima pamenepo kukamwa kuli yasa. Nyimbo zotamanda Apollo, zolembedwa pamwala pamodzi ndi zizindikiro za kaimbidwe kake, nazonso zinatuluka m'dothi lomwelo mu 1893. Ndiye ndim'tsutse bwanji?

Mwina ndi kutopa chabe. Masiku ano chilichonse chikungondikhudza, ngakhale galu wogona pakhomo la sitolo. Kapena ndi mawu aja akuti chipukuta misozi, amene kwathu timawamva msewu ukamadutsa pamunda wa munthu, ndalama n'kutha mango amene anadulidwa asanaiwalike.

Wotiperekeza anali kalikiliki ndi nkhani ya Pythia, mayi amene ankalosera m'kachisimo, mafumu n'kumachokera kutali kudzafunsira. Anatiuza za moto wa mu 548 BC, za chivomezi cha mu 373 BC, kuti nsanamira zaimazi ndi za kachisi amene anamangidwa pambuyo pake. Zonse ndinamva, koma mtima unali kwina. Gulu litapitirira ndinatsalira pa khoma lalitali limene lachirikiza bwalo la kachisi, la miyala yokhotakhota yolumikizana popanda dothi kapena simenti. Ukaliyandikira umaona kuti ladzaza tizilembo ting'onoting'ono, tina tofufutika. Zambiri ndi mbiri za akapolo omasulidwa, mazanamazana. Mwambo wake unali wakuti mbuye "agulitse" kapolo kwa Apollo, kawirikawiri ndi ndalama zimene kapoloyo anasonkhanitsa yekha. Ena ankauzidwanso kuti apitirize kutumikira mbuyeyo mpaka atamwalira. Ufulu wamtundu wanji umenewo? Komabe maina awo alipo, munthu ukhoza kuwaloza ndi chala. Za Kastri ndinayang'ana uku ndi uku, sindinaone ngakhale maziko a nyumba imodzi.

Nditatsika agogo aja anali atapita. Ndinafuna kuwafunsa ngati amalipira pachipata ngati ife, polowa pamene panali kwawo. Ndinafunanso kudziwa za manda a mudziwo, kuti anawatani. Mnyamata uja ndam'pezanso pa chakudya chamadzulo akuonetsa anzake zithunzi, ndipo wandikodola kuti tikhale limodzi. Ndanamizira mutu. Mawa tikwera basi imodzi yobwerera ku Athens, ulendo wa maola pafupifupi atatu, ndipo mpando wake uli pafupi ndi wanga.