Dawe, khovani ndi kapinga wa pabwalo langa

Pamene tinasamukira m'nyumba yathu ino ku Lilongwe, bwalo lakutsogolo linali ndi kapinga wa dzina lokha, pakuti dawe, khovani ndi chisoso zinali zitamupanikiza mbali zonse. Ine poganiza kuti vuto lotere limatha tsiku limodzi, ndinagula mankhwala opha udzu a Roundup kwa ogulitsa zipangizo za ulimi n'kupopera bwalo lonse Loweruka lina m'mwezi wa Januwale. Patapita sabata ziwiri zonse zinali zitauma, kuphatikizapo kapinga amene ndinkati ndikupulumutsa, chifukwa mankhwala a glyphosate amene ali mu Roundup sasankha chomera. Chondiwawa kwambiri n'chakuti woyamba kuphukanso pa dothi lopanda kanthu lija anali dawe yemweyo.

Kuyambira pamenepo ndinaleka kuthamangira mankhwala, ndipo ndinayamba kuyang'anitsitsa malo amene zomera zosafunikazi zimakonda. Ndinaona kuti sizimera paliponse. Zimamera pamene kapinga waperepeseka: panjira imene ana amadutsa popita ku mpopi, pansi pa mtengo wa mango pamene pali mthunzi, pamene chiswe chinadya m'chilimwe, komanso pamene chikwakwa chinapala mpaka dothi kuonekera. Mnyamata amene amatithandiza pakhomo ankatchetcha mometa ngati mpala poganiza kuti ndi ukhondo, ndipo zinanditengera nthawi kumumvetsa kuti kapinga asiyidwe pa msinkhu wa masentimita 4 kapena 5, kuti masamba ake aziphimba nthaka ndi kumana kuwala njere zimene zagona pansi.

Ntchito yaikulu imayamba mvula yoyamba ikangogwa, chakumapeto kwa Novembala kapena mu Disembala. Sabata ziwiri zoyambirirazo ndi za mtengo wapatali, chifukwa chisoso, bonongwe ndi mwamunaaligone zimakhala zidakali zanthete ndipo zimazuka ndi zala zokha dothi likakhala lonyowa. Mukazilekerera mpaka Febuluwale, chisoso chimakhala chitabala njere zakuda zomata zija, zimene galu ndi masokosi a ana amazifesa pabwalo ponse osadziwa. Amayi a kunyumba kwanga amati ndizisiya zomera zitatuzi kuseri kwa khitchini popeza ndi ndiwo, ndipo sinditsutsa, bola zisafike pochita maluwa pafupi ndi kapinga.

Khovani ndi wachinyengo. Mukamuzula n'kumusiya pomwepo nyengo ya dzinja, mfundo iliyonse ya tsinde lake imagwiranso mizu, moti mulu umene munaunjika dzulo umasanduka nazale. Masiku ano ndimamutolera m'thumba n'kukamuyanika pa simenti mpaka aumiretu.

Koma dawe ndiye wandiphunzitsa kupirira. Chimene chimaoneka pamwamba, timasamba tonyezimira ndi tsinde la ngodya zitatu, ndi kachigawo chabe, chifukwa pansi pali timibulu tolimba tonga timbatata, tolumikizana ndi timizu tonga ulusi. Mukakoka ndi dzanja, ulusiwo umaduka ndipo timibulu totsalato timaphuka tonse, kotero kuti pamene panali mmodzi pamatuluka angapo. Tsiku lina ndinakumba ndi khasu malo aang'ono ngati thireyi, n'kupeta dothilo m'manja, ndipo timibulu takuda tonunkhira tinadzaza chitini cha mkaka. Nthawi yabwino yokumba dawe ndi Seputembala ndi Okutobala, popeza timibulu take tikatuluka pamtunda dzuwa la chilimwe limatiumitsa mpaka kufa, zimene sizingachitike m'dzinja. Dawe amakondanso malo odikha madzi, n'chifukwa chake ndinakonza ngalande ya madzi ochokera padenga ndisanayambe kulimbana naye.

M'miyezi yozizira ya Juni ndi Julayi kapinga amaleka kukula ndipo amafiira, moti sinditchetcha kawirikawiri, ndimangoyendera n'kuzula chilichonse chobiriwira mwachilendo. Amene amathirira bwalo m'chilimwe ndingawalangize kuthirira mokwanira kamodzi kapena kawiri pa sabata kusiyana ndi kuwaza pang'ono tsiku lililonse, chifukwa kuwaza kumangonyowetsa pamwamba pamene pali njere za zomera zosafunika, pomwe mizu ya kapinga imazama kukafuna chinyezi pansi.

Manyowa nawo anandipusitsapo. Chaka china ndinathira a m'khola la ng'ombe osawolerana bwino, ndipo mvula itabwera bwalo linadzaza bonongwe waminga amene kunalibe kale. Tsopano ndimathira kompositi yowolerana bwino mvula isanayambe, kenako ndimabzala timitsitsi ta kapinga m'malo onse operepeseka kuti tiyange msanga.

Mankhwala sindinawataye kotheratu. Pamene masamba aakulu achuluka ndimagwiritsa ntchito 2,4-D, amene amapha zomera za masamba otambalala n'kusiya udzu, koma ndimapopera m'mawa kulibe mphepo, nditavala magolovesi ndi chophimba pakamwa, motsatira mlingo wolembedwa pa botolo, komanso kutali ndi dimba, pakuti tomato sapirira ngakhale kautsi kake kochepa. Roundup wotsala uja ndimangopoperako m'mphepete mwa mpanda ndi m'ming'alu ya njira ya njerwa. Pakona pafupi ndi geti dawe adakalipo, ndipo ndaikapo zikhomo zinayi kuti ndidzakumbepo Okutobala akubwerayu.